Diso Langa Lamanzere ndi Kachitini ka Apongozi

Kuno ku Nancholi kuli nkhalamba zinzanga zingapo zimene mpaka lero, zikandiona ndikupukuta m'maso, zimayamba zayang'ana kaye m'manja mwanga. Sindiziimba mlandu. Ndinaziputa dala, ndipo popeza adzukulu ayamba kuitola nkhaniyi m'zidutswa kwa anthu amene kunalibeko n'komwe, bola ndiinene ndekha mwini wake. Manyaziwo ndi anga kale, ndinawalipira ndi mphuno yanga.

Masiku amenewo sitima inali idakali chinthu choti munthu n'kusiya khasu kuthamangira ku Limbe kukaonerera. Ine ndinali kalaliki pa sitolo ya mzungu wina chakufupi ndi Mandala, ntchito yanga kukopera makalata ndi cholembera choviika mu inki. Ndinkavala jekete ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo (nanga kalaliki wopanda jekete angasiyane bwanji ndi wamtengatenga?), ndipo Lamulungu ndinkawonjezera kolala yoyera youma gwa.

Vuto langa linali diso lamanzere. Chiyambire chaka china chimene ndinadwala chimfine choopsa, diso limeneli linayamba kukha misozi palokha. Kaya ndikuseka, kaya ndikudya, kaya ndikutsutsana ndi munthu pa nkhani ya malire a munda, msozi unkangotsika patsaya osapempha chilolezo. Lamanja linali bwinobwino, la munthu wamba.

Tsiku lina m'katchalitchi kathu ka njerwa abusa ankalalikira za nkhosa yotayika. Ine maganizo anga anali pa mbuzi ya mnansi imene inkandithera chinangwa, ndipo msozi uja unatsika monga mwa masiku onse. A Yotamu, mkulu wa mpingo wakalekale, amene ankakhala kutsogolo moyang'anizana ndi anthu, anauona. Potuluka anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri.

"Achimwene, ndaona. Mawu amakulasani mumtima inu."

Apa m'pamene ndikanati, iyayi bambo, ndi matenda. Mawu anayi okha. Koma pakamwa panga panatuluka zina.

"Ndi chisomo chabe, bambo."

Kuyambira pamenepo ndinasintha benchi. Ndinasankha loti tsaya lamanzere lizipenya kumene kunkakhala akulu a mpingo, ndipo ndinasiya kupukuta msanga. Ndinkausiya msozi uyende ulendo wake wonse mpaka kuchibwano, kenaka n'kutulutsa kampango pang'onopang'ono. Zaka zinayi, abale anga. Amayi a mumpingo ankanditchula kuti bambo aja a mtima wofewa. Pa maliro ankandipatsa malo a kutsogolo. Kenaka a Yotamu ananditsina khutu kuti mpingo ukufuna kuwonjezera mkulu mmodzi, ndipo dzina limene linali pakamwa pa aliyense linali langa.

Sindibisa, ukulu umenewo ndinkaufuna. Ndinkaufuna mpaka kuulota masana. Mpando wotsamira wa kutsogolo uja, kunyamula chikho pa mgonero, anthu kumavula zipewa pokulonjera, zonsezo ndinali nditaziyesa kale m'mutu mwanga ndipo zinkandikhala bwino.

Munthu mmodzi yekha ankadziwa zoona, mkazi wanga Nambewe, amene m'mawa uliwonse ankandifunditsira madzi otsukira manthongo.

"Bambo, diso lanuli likulirira Mawu kapena likulirira mankhwala?" ankandifunsa chotero.

"Nambewe, zinthu za mzimu n'zozama."

"Eya. Tsukani manthongowo, mzimu uone bwino."

Kutatsala mwezi ndi theka kuti asankhe, diso lija linandiukira. Pakati pa diso ndi mphuno panatupa, panayamba kutuluka mafinya, ndipo tsiku lina msozi wonenepa unagwera pa kalata imene ndinali nditaivutikira m'mawa wonse. Inki inangoti balala. Bwana anayang'ana kalatayo, anayang'ana ine, kenaka analemba kapepala kopita kwa dotolo wa ku chipatala cha mishoni. Ndinayesa kupempha kuti tidikire miyezi iwiri yokha (chifukwa chake sindinatchule), koma bwana anati ndisankhe, dotolo kapena khomo.

Dotoloyo ankalankhula Chinyanja chopindikapindika koma chomveka. Anati misozi ili ndi ngalande yake yochokera m'diso kutsikira m'mphuno, ndipo yanga inali itatsekeka, n'chifukwa chake madzi ankasefukira patsaya. Anati atsegula ina. Anandigoneka pa tebulo, anandiphimba mphuno ndi kansalu konunkha moipa, anati ndiwerenge mpaka khumi. Ndikukumbuka zinayi. Podzuka ndinapeza mutu wakulungidwa theka, pambali pa mphuno asokapo ndi ulusi.

Ponditulutsa anandiwerengera malamulo pa zala zake zofiira. Kwa mwezi wathunthu ndisamine, ngakhale mamina afike pamlomo, ndizingopukuta. Ndisawerame. Ndisakhale pa utsi kapena pa fumbi. Kuyetsemula kukabwera nditsegule pakamwa, ndisatseke mphuno, chifukwa mphepo ikasowa njira idzakwera ngalande yatsopanoyo.

"Ndipo fodya," anatero. "Mumanunkhiza fodya wa m'mphuno?"

Ndinakhumudwa kwambiri. Ine, kalaliki, Mkhristu woti posachedwa akhala mkulu wa mpingo? Ndinamuuza kuti chibadwire fodya sanayandikepo mphuno yanga.

Sabata ziwiri zoyamba zinali zokoma, ndisaname. Ndinkakhala pa mpando wa ndalema pakhonde, mutu chowongoka, anthu kumabwera kudzazonda ndi mazira ndi nthochi. Ndinkawauza kuti chinali chotupa cha pamphuno basi, za ngalande sindinatchule. Khasu sindinkagwira, dotolo analetsa. Nkhuni sindinkawaza, dotolo analetsa. Ngakhale kuthamangitsa nkhuku pa mphasa ya ufa ndinkati dotolo analetsa, mpaka Nambewe anafunsa ngati dotoloyo analetsanso kutafuna.

Apongozi anga, mayi ake a Nambewe, nawonso anabwera kuchokera ku Chiradzulu kudzathandiza. Mukudziwa mwambo wathu, mkamwini ndi apongozi sapenyana m'maso ndipo salankhulana mwachindunji. Tikakumana pa njira wina amapatukira kutchire. Iwo ankakhala kuseri kwa chitseko n'kumati, "Mwanawe, afunse amuna ako ngati agona bwino," ine ndili pomwepo ndikumva, n'kuyankha kuti, "Nambewe, awuze amayi kuti ndagona bwino." Phala limene ankandiphikira mayi amenewo, lothira nsinjiro, sindinalilawenso kwina kulikonse. Chofooka chawo chinali chimodzi, fodya wa m'mphuno. Ankamusunga m'kachitini kozungulira kamene kale kanali ka mafuta a nsapato, ndipo ankakasomeka mu udzu wa denga pamwamba pa khomo la khitchini.

Atamasula nsalu ija ndi kuchotsa ulusi, diso langa linali louma, loyera, la mnyamata. Ndinakondwa tsiku lonse la Lachisanu ndi Loweruka lomwe. Lamulungu m'mawa, ndikumanga kolala, m'pamene nzeru zinandibwerera, ndipo mtima unangoti myuu.

Tsiku limenelo ulaliki unali wa tsiku la chiweruzo, wotentha zedi, amayi kumbali kwawo akufwenthera. Ndinatembenuza tsaya langa monga mwa nthawi zonse n'kudikira. Palibe. Ndinaganiza za malemu bambo anga. Ndinaganiza za galu wanga amene anagwidwa ndi fisi ndili mwana. Ndinaphethiraphethira mpaka chikope kuwawa. Dotolo uja anaigwira ntchito yake mopitirira muyeso. A Yotamu anayang'ana tsaya langa kawiri, ndipo kachitatu anachita kupendeketsa mutu.

"Lero Mawu sanafike, achimwene?" anandifunsa panja.

"Mankhwala a azungu adakali m'thupi, bambo."

"Oo. Atuluke msanga. Kwatsala masabata awiri, ndipo ena ayamba kunena kuti mpeni wa dotolo unaumitsa mtima."

Lamulungu lotsatira ndinapita ndi anyezi. Ndinamudula pakati, n'kumukulunga m'kampango, ndipo ulaliki utafika pakolasa ndinayandikitsa kampangoko kumaso ngati munthu wogwidwa chisoni. M'maso munalasa ndithu, misozi inabwera. Koma ngalande ija inaimeza yonse n'kuitsitsira m'mphuno. Patsaya panalibe ngakhale dontho, pamene m'mphuno munali mtsinje, ndipo kumina kunali koletsedwa. Ndinakhala ola lathunthu ndikukoka mamina, fwee, fwee, kwinaku ndikupukuta ndi kampango komweko ka anyezi, zimene zinkangowonjezera. Amati tsoka silinunkha, koma langa linkanunkha. Bambo amene anali pambali panga anasendera kumapeto kwa benchi, ndipo kumbuyo ndinamva wina akufunsa mnzake kuti ndani wabwera ndi ndiwo. A Yotamu anangondiuza kuti chimfine chimenecho ndichisamale.

Lolemba Nambewe, akuchapa, ananunkhiza kampango kaja.

"Anyezi wanga uja ndimamufuna dzulo, kodi anapita kukapemphera?"

Kenaka anaika kampangoko pansi n'kundiyang'ana.

"Bambo, pitani kwa a Yotamu mukawauze zoona. Ndi munthu wamkulu, amva. Diso lapola, thokozani Mulungu, zithere pomwepo."

"Iwe sungamvetse."

"Chabwino. Paja mwana akalirira nyanga ya nsatsi, amati msemere."

Sabata yonseyo, poyenda kuchokera ku Nancholi kupita kuntchito, ndinkalingalira ngati munthu wophunzira. Ndinaona kuti mtsinje wa Mudi umasefukira mvula ikachuluka kuposa njira yake. Ndiye kuti anyezi anangochepa mphamvu. Pankafunika chinthu chobweretsa misozi yambiri nthawi imodzi, yoti ngalande ilephere kumeza. Ndinakumbukira mlendo wina amene analawa fodya wa apongozi pakhomo pathu n'kulira ngati wafedwa. (Mukuona kuti sukulu ndinapitadi. Chitsiru chosaphunzira sichikanafika pa nzeru imeneyi.)

Lamulungu lachitatu ndilo linali tsiku la chisankho, akulu a mpingo ankakhala pansi mapemphero akangotha. M'mawa apongozi ali kubafa, ndinanyang'ama kupita ku khitchini n'kupisa dzanja mu udzu. Cholinga chinali kutapa pang'ono chabe. Koma ndinamva mgugu wa mapazi, ndipo kachitini konse kanalowa m'thumba la jekete. Tikunyamuka ndinamva Nambewe akufunsa ana ngati aona kachitini ka agogo awo. Apongozi anayenda ulendo wonse wa kutchalitchi kumbuyo kwathu akung'ung'udza, poti munthu wa fodya akasowa fodya wake m'mawa sakhala munthu.

M'tchalitchi mwathu abambo ankakhala mbali ina, amayi mbali ina, pakati pali mpata wa njerwa zosalala. Ndinadikira pemphero lalitali la pambuyo pa ulaliki, aliyense atatsinzina, kuti pomatsegula maso andipeze ndili m'madzi. Abusa atangoyamba kupempherera odwala ndinawerama (lamulo limodzi linathyoka pamenepo), n'kutsegula kachitini pakati pa maondo. Muyeso wake sindinkaudziwa. Apongozi ankatapa ndi nsonga za zala ziwiri, ine ndinati mwamuna atape ndi zitatu. Ndipo ndinasankha mphuno yamanzere, ya bala, poganiza kuti ndiyo ili pafupi ndi diso lofunikalo. Ndinakoka ndi mphamvu zanga zonse.

Abale anga, ndinaona moto. Unakwera m'mphuno, unazungulira kuseri kwa diso, unakatulukira pa liwombo. Kenaka ndinamva kuyetsemula kukubwera kuchokera kutali, kumapazi. Dotolo anati nditsegule pakamwa. Koma munthu ungayetsemule chotsegula pakamwa pakati pa pemphero, pa tsiku loti usankhidwe? Ndinatseka pakamwa, n'kutsina mphuno.

Mphepo inasowa njira, ndipo inachita zimene dotolo ananena. Inakwera ngalande yatsopano ija, chikope changa chinafufuma nthawi yomweyo ngati chitumbuwa m'mafuta, diso n'kutsekeka. Kuyetsemula kwachiwiri sindinakugwire, kunatuluka ndi kamfuno, kolala yanga yoyera n'kukhala mawangamawanga. Kwachitatu kunandidzutsa pa benchi. Kachitini kanadumpha pamaondo, fodya yense n'kumwazika m'mwamba, ndipo abambo a benchi langa ndi la kutsogolo anayamba kuyetsemula molandizana. Abusa anayesa kukweza mawu, koma pamene anafika pa kupempherera mvula nawonso anayetsemula, n'kungoti Amen pomwepo.

Ndiye m'kachetechete amene anatsatira, tonse tinamva kaphokoso. Kachitini kaja kanagwa choimirira, ndipo kankagubuduka pa njerwa, ngwee, osafulumira. Kanadutsa mpata wa pakati, kanalowa mbali ya amayi, kanapitirira mabenchi awiri, kanazungulira kamodzi n'kugona pa phazi la mwini wake.

Apongozi anakatola. Anakapukuta ndi nsonga ya nsalu yawo, anasuzumira m'kati, anaona kuti mulibe kanthu. Sanandiyang'ane, mwambo anausunga bwino lomwe. Anatembenukira kwa mwana wawo n'kulankhula ndi mawu oti tchalitchi chonse chimve.

"Mwanawe, awuze amuna ako kuti chivundikiro chatsala kwawoko."

Chinalidi m'dzanja langa. Ndinachipereka kwa bambo wa pambali panga, iye kwa mnzake, chinayenda dzanja ndi dzanja mpaka kuwoloka mpata uja, aliyense akuchilandira ndi manja awiri mwaulemu. Misozi tsiku limenelo inatsika yambiri, masaya onse awiri, mpaka m'khosi. Palibe anaiwerengera.

Amene ananditengera kuchipatala ndi Che Saidi, mnansi wathu wachisilamu amene ankayendetsa ngolo ya ng'ombe. Anandiyang'ana diso lotupalo ndi magazi a pa kolala, anayendetsa ngolo kamtunda ndithu, kenaka anafunsa mwaulemu ngati kutchalitchi kwathu timamenyana Lamulungu lililonse kapena mwa apo ndi apo.

Dotolo sanafunse zambiri. Anawerama, ananunkhiza jekete langa, n'kuwongoka.

"Munati simununkhiza fodya."

"Ndayamba lero, bwana."

"Mupitiriza?"

"Ndasiya lero lomwe."

Mwamwayi ngalande sinawonongeke. Ananditseka mphuno ndi thonje, anandikulunganso mutu, n'kundiwonjezera mwezi wina wa malamulo omwe aja. Ulendo uno ku khonde kwanga sikunabwere mazira.

Chikope chitaphwa, akulu a mpingo anandiitanira kutchalitchi. Ndinalowa nditakonzeka kunena zonse, ndipo ndinanenadi, kuyambira mbuzi ya mnansi ija, benchi, anyezi, mpaka dzanja langa mu udzu wa khitchini. Ena ankaluma milomo kuti asaseke. A Yotamu sanaseke. Anakhala chogwira ndodo yawo, akuyang'ana pansi.

"Zaka zinayi," anatero. "Zaka zinayi ndakhala ndikuuza anyamata a mumpingo muno kuti aziyang'ana inu. Mwana wanga weniweni ndinamukalipira kuti mtima wake ndi mwala, bwanji osakhala ngati akalaliki. Anachoka panyumba chaka chatha osatsanzika."

Zimenezo sindinkazidziwa. Ndinayang'ana nkhalamba ija. Ndinamva chisoni chenicheni, ndi manyazi enieni, ndipo kwa nthawi yoyamba m'nyumba imeneyo ndinalira. Maso onse awiri, mapewa akugwedezeka, ngalande ya dotolo inalephera kumeza.

A Yotamu anadikira mpaka nditapuma.

"Tembenuzani matumba."

Ndinatembenuza. Munagwa batani limodzi.

"Onetsani zala."

Anazinunkhiza chimodzichimodzi, kenaka anapukusa mutu.

"Chimene mwathira lero sindikuchidziwa, achimwene, koma n'champhamvu kuposa chija."

Ukulu unapita kwa mmisiri wina wa matabwa amene sanalirepo n'kamodzi komwe ndipo ankawodzera pa ulaliki poyera, osabisa. Anautumikira bwino zaka zambiri, ndiyenera kuvomera. Ine anandiimika pa mgonero kwa kanthawi, ndipo nditabwerera ndinakakhala benchi la kumbuyo, kumene tsaya la munthu silipenya aliyense. Mwana wa a Yotamu ndinakamufunafuna ndekha, ndinamupeza ku Limbe akusankha fodya m'shedi (fodya yemweyo, ee), ndipo nditamufotokozera anaseka mpaka kukhala pansi. Anabwerera kwawo mwezi womwewo. Chimenecho chokha ndicho ndinakonza.

Phunziro lake mwina ndi lakuti dotolo akaletsa kanthu amakhala atakaonapo, kapena kuti mkazi akati pita ukanene zoona, nyamuka nthawi yomweyo usanafike pa anyezi. Koma limene linandilowa ine ndi lina. Misozi yabodza ndinaigulitsa zaka zinayi ndipo aliyense anagula, ndiye pamene ndinabwera ndi yeniyeni msika unali utatsekedwa.

Apongozi sanaitchulenso nkhaniyi, kungoti akabwera kwathu kachitini kawo ankakamangirira m'chiuno. Anatilerera ana, anatisungira mbewu chaka cha njala, ndipo nthawi zonse ndikadwala phala lija linkafika kudzera kuseri kwa chitseko. Atamwalira patapita zaka zambiri, Nambewe anandipatsa kanthu kokulunga m'kansalu. Anati amayi anasiya mawu akuti kachitini kapite kwa akamwini awo, poti anakakonda.

Kumanda ku Chiradzulu ndinaima nako m'dzanja, ndipo pamene ankatsitsa bokosi ndinalephera kudzigwira. Ndinawalira mayi amenewo kuchokera pansi pa mtima. Kumbuyo kwanga kunali anthu a mpingo wathu amene anatiperekeza, ndipo ndinamva wina akunong'oneza mnzake.

"Wanunkhiza."

Sindinatembenuke. Ndinatsegula kachitini kuti aone kuti mulibe kanthu, ndinatembenuza matumba onse awiri a jekete pomwepo pamanda, n'kupitiriza kulira.